Kashiamu wochuluka m'magazi, ludzu losatha ndi pituitary

Achemwali, mwati amayi anu apezeka ndi kashiamu wochuluka m'magazi, akukodza usiku wonse, ludzu silikutha, koma shuga alibe. Ndiye mukufunsa ngati kashiamuyo wawononga pituitary, poti adokotala anatchula dzinali.

Kawirikawiri ayi. Pituitary ndi kachiwalo kofanana ndi nsawawa kukula kwake, kali kunsi kwa ubongo. Mbali yake ya kumbuyo imatulutsa homoni ya ADH, yomwe imauza impso kuti zibwezere madzi m'thupi, zisawataye mu mkodzo. Mwa munthu wabwinobwino kashiamu amakhala pakati pa 2.2 ndi 2.6 mmol/L. Akapitirira apo, pituitary imatumizabe ADH, koma impso ndi zimene sizimvera. Timabowo ta mu impso tobwezera madzi, totchedwa aquaporin-2, timachepa, ndiye madzi amangotayika. Thupi likauma kashiamu amakweranso, akakwera mkodzo umachulukanso. N'chifukwa chake akakwera kwambiri kuchipatala amayamba ndi dilipi ya madzi amchere.

Sikuti kashiamu sakhudza pituitary. Maselo ake amatulutsa mahomoni pokhapokha kashiamu atalowa mkati mwawo, ndipo kashiamu akakwera mwadzidzidzi homoni yake ya ACTH, yolamula tiziwalo ta pamwamba pa impso, imatha kukwerako, ya TSH, yolamula chithokomiro, n'kutsikako. Koma kusinthako n'kochepa, si kumene kukuwasowetsa tulo amayi.

Chimene ine ndingalimbikire n'chakuti awayeze PTH. Homoni imeneyi imachokera m'tiziwalo tinayi ta pakhosi totchedwa parathyroid. Vuto la tiziwaloti ndi khansa ndizo zimachititsa kashiamu kukwera mwa odwala pafupifupi 9 pa 10 alionse. TB nayonso imatha kumukweza, chimodzimodzi mankhwala a BP a hydrochlorothiazide, amene amayi ambiri kwathu kuno amamwa m'mawa uliwonse. Pitani nawo mapaketi onse akawaone adokotala, koma asasiye okha kumwa.

Mwinanso adokotalawo amaganizira matenda a ku mtundu otchedwa MEN1, amene Paul Wermer anawafotokoza mu 1954. Pamenepo zotupa zimamera ku parathyroid, ku pituitary ndi ku kapamba mwa munthu mmodzi, osati chifukwa china chayambitsa chinzake, koma chifukwa chotengera kwa makolo. Ndi osowa, komabe funsani kwa achibale ngati alipo anadwalapo miyala ya mu impso ali wamng'ono, kapena kutuluka mkaka asakuyamwitsa, poti izi zimatha kukhala zizindikiro za zotupazi.

Amayi akayamba kusanza, kuwodzera masana kapena kusokonezeka mutu, musadikire tsiku limene anawapatsa, thamangirani nawo kuchipatala.