Mwana wanga ali ku Germany, akulira pafoni kuti abwerere

Funso: Aphungu, ndine mayi wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Mwana wanga wamkazi wazaka 22 ananyamuka mu Novembala kupita ku Germany kudzera ku bungwe la mpingo wathu. Akuti ndi wodzipereka, azikathandiza pa sukulu ya mkaka kwa chaka chimodzi, ndipo panopa akadali pa maphunziro okonzekera. Sabata yathayi wandiimbira katatu akulira. Akuti anthu a kumeneko ndi ouma mtima, chakudya sichikumulowa, akufuna abwerere. Amalume ake akuti ndi chibwana chabe, alimbe mtima atumize ya feteleza. Ndimuuze chiyani?

Yankho: Mayi, tiyambe ndi feteleza, chifukwa katundu ameneyu tiyenera kumutula mwanayu lero lomwe. Sanapite ku ntchito ya malipiro. Ngati anadutsira pulogalamu ya weltwärts, imene boma la Germany linayambitsa mu 2008 ndipo kuyambira 2013 inayamba kulandiranso achinyamata azaka 18 mpaka 28 ochokera kumayiko ngati lathu, ndiye kuti amulipirira ndege, pogona, chakudya ndi inshuwaransi ya kuchipatala, n'kumamupatsa kandalama ka m'thumba pamwezi. Mukakawerengera m'makwacha kamaoneka kambiri, koma kumeneko kamathera pa sopo, mayunitsi ndi nsapato zoyendera m'chisanu. Amalume muwauze mwaulemu kuti chaka chino asamuwerengere.

Tsopano za kulirako. Iye wafika nthawi yoipitsitsa pachaka. Ife a ku Mzuzu timadzitama kuti kuzizira timakudziwa, poti mu Juni timadzuka nkhungu itaphimba Katoto yense. Komatu pofika 9 koloko dzuwa limatuluka, anthu n'kuyamba kuothera pakhonde. Ku Germany mu Disembala kumacha cha m'ma 8, ndipo isanakwane 5 koloko madzulo kwada kale. Munthu amapita ku ntchito mumdima n'kubwerera mumdima. Lamlungu masitolo amatseka, msewu umangoti zii. Madzulo mabanja ambiri amadya buledi wozizira ndi tchizi, basi agonera zomwezo. Mwana woleredwa ndi nsima yotentha ndi usipa akalira pa sabata yachitatu, palibe chachilendo.

Koma mawu akuti "ouma mtima" ndi amene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa pamenepa ndi pamene ana athu ambiri amapunthwa, ndipo chowapunthwitsa ndi ulemu womwe tinawaphunzitsa ife tomwe.

Tinamulera kuti akulu sayang'anidwa m'maso, kuti akafunsidwa ngati ali bwino ayankhe kuti palibe vuto, kuti akapatsidwa chakudya kwa eni ayambe wachita manyazi. Kuno mayi wa pakhomo amadziwa kuti "zikomo, ndakhuta" wa mlendo ndi wabodza, amaonjezera ndiwo. Kumeneko ukati wakhuta, mbale imachotsedwa, ndipo mwini nyumba amagona mtima uli m'malo poganiza kuti wakusamalira. Ukati palibe vuto, nkhani yatha. Ukamayankhula uli wera, ena amaganiza kuti sukumvetsera kapena ukubisa kanthu. Ukachedwa ndi mphindi zisanu amakuuza pomwepo pamaso pa anzako, kenako n'kukupatsa khofi ngati sipanachitike kanthu. Kwa iwo nkhaniyo yathera pomwepo, pomwe mwana wanu aisenza mpaka usiku. Onjezani apo kamwana kazaka zinayi kakumuitana ndi dzina lake lenileni n'kumamukonza Chijeremani, iye asanazolowere n'komwe kusiyanitsa "Sie" wa ulemu ndi "du" wa anzake.

Ndiye chimene akuyenera kuphunzira msanga, kuposa galamala, ndi kunena chimene chikumuvuta mosazungulira. Maphunziro okonzekera amene akuchita panopawa anawakonzera zomwezo. Mu weltwärts, wodzipereka wa chaka chimodzi amakhala ndi masiku osachepera 25 a masemina, ndipo amapatsidwa munthu womuyang'anira amene ntchito yake ndi kumva madandaulo. Amupeze, amuuze chimodzichimodzi: sindikugona, chakudya chamadzulo sichikundikwana, pa ntchito sindikumva zimene akundiuza, ndilibe jekete yokwanira. Azungu amenewa ukawapatsa vuto lokhala ndi dzina amathamanga nalo. Ukangokhala ndwii amati mwina umakonda kukhala wekha.

Ndikumbukira mnyamata wina wa ku America, mmodzi mwa odzipereka a Peace Corps amene akhala akubwera m'dziko muno kuyambira 1963. Pa masabata ake okonzekera ankagona kwa banja lina kumudzi. Tsiku loyamba anatema nsima ndi zala zonse zisanu, n'kuiponya m'mbale akupepeta dzanja, ana akugubuduka ndi chiseko. Ankaloweza "monire" ndi "muli uli" atalemba pachikhatho. Mayi wa pakhomopo anadandaula kuti mlendoyu ndi wonyada chifukwa amadzitsekera m'chipinda madzulo, osadziwa kuti mkatimo munthu akulira. Chaka chisanathe ndinamupeza mumsika waukulu akunenerera mtengo wa tomato m'Chitumbuka. Ifenso tinali "ouma mtima" kwa iye pa sabata yachitatu.

Sindikunena kuti kulira kulikonse n'kwa kusowa kwawo. Mumufunse mwachindunji mafunso awa. Pasipoti ili m'manja mwake? Akugwira maola amene analembedwa pa mgwirizano, kapena amusandutsa wantchito wa m'nyumba? Pali amene akumugwiragwira kapena kumuopseza? Watha masabata osadya, osagona, kapena akuyankhula zotaya moyo? Ngati pali chimodzi mwa izi, musadikire. Pitani ku bungwe lomwe linamutumiza, iyenso auze womuyang'anira tsiku lomwelo. Wodzipereka angathe kupempha kuti amusinthe nyumba kapena malo ogwirira ntchito.

Ngati zonsezi palibe, gawo lanu ndi laling'ono koma lofunika. Pangani tsiku limodzi loimbirana pa WhatsApp, makamaka Lamlungu masana pamene kumeneko kumakhala kopanda chochita. Miyezi ino iwo ali m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo kumapeto kwa Malichi nthawi yathu ndi yawo idzafanana. Kuimbirana usiku uliwonse kumamusunga ku Chibavi thupi lili ku Ulaya. Musamuuze maliro alionse a m'dera ndi ngongole iliyonse ya pakhomo. Mufunseni mawu atsopano amene waphunzira, dzina la mnzake wa ku semina, mpingo umene waupeza. M'mizinda ikuluikulu muli masitolo a zakudya za ku Africa momwe ufa woyera umapezeka. Aphike nsima tsiku lina, aitane a m'nyumbamo adye ndi manja, aone nawonso akupsa zala.

Chilankhulocho asachitaye. Akachifikitsa pa mlingo wapakati wodziwira chilankhulo wotchedwa B1, umene malo ambiri ophunzitsa ntchito zamanja ku Germany amafuna, adzakhala ndi chinthu chogwirika pamodzi ndi satifiketi ya kudzipereka kwake, kaya adzafune kubwererako mwa dongosolo kapena kufunsira ntchito kuno.

Mukamuimbira Lamlungu likubwerali, musamuuze kuti alimbe mtima, amalume anena kale. Muuzeni kuti mawa akaonane ndi womuyang'anira atalemba madandaulo ake papepala, ndipo mugwirizane kuti za kubwerera mudzakambirananso kumapeto kwa Febuluwale, masiku atayamba kutalika. Akadzanenabe kuti sizikutheka, adzabwere kudzera ku bungwe lake, ndipo inu mudzakamuchingamire ku depoti.