Cape Town kapena Mauritius: ndichite lendi kuti?

Mlongo wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo. Amagwirira ntchito kampani ya ku London pa intaneti, amalandira mapaundi, ndipo watopa ndi kuzimazima kwa magetsi. Akufuna akakhale kunja chaka chimodzi, ndiye akufunsa kuti pakati pa Cape Town ndi Mauritius asankhe kuti, nanga nyumba aipeza bwanji.

Achemwali, nyumba ibwere pambuyo. Yambani ndi mapepala. Ndi pasipoti ya Malawi mumalowa mu South Africa popanda viza, koma masiku 30 okha. Viza ya anthu ogwira ntchito pa intaneti anaikhazikitsa mu 2024, ndipo amafuna umboni woti mumalandira ndalama zoposa R650,000 pachaka. Mauritius inayamba kale mu 2020 ndi Premium Visa: ya chaka chathunthu, yaulere, yotheka kuiwonjezera, bola muonetse kuti mumapeza madola 1,500 pamwezi. Kwa ambiri a ife nkhani imathera pomwepa.

Koma Mauritius ili ndi vuto limene anthu amaliiwala akaona zithunzi za nyanja: nthawi. Mu December, London ikamati 5 koloko madzulo, ku Port Louis, likulu la Mauritius, ndi 9 koloko usiku. Ngati abwana anu amakonda misonkhano yakumadzulo, mudzadya mgonero kompyuta ili pamwendo. Cape Town nthawi yake ndi yofanana ndi yakwathu, ndiye palibe chosintha.

Mukasankha Mauritius, musathamangire Grand Baie, Tamarin kapena Flic en Flac. Kumeneko mitengo ndi ya alendo odzaona malo. Yang'anani ku Quatre Bornes kapena Rose Hill, kumene kumakhala eni dziko ndipo sitima ya Metro Express imadutsa. Dziwaninso kuti kuyambira November mpaka April ndi nyengo ya namondwe, choncho funsani ngati nyumbayo ili ndi thanki ya madzi.

Ku Cape Town musafike mu December kapena January, eni nyumba amakhala akubwereketsa kwa alendo pa mtengo wa tsiku. Sea Point ndi yodula, Observatory ndi Woodstock n'kwabwinoko. Ndipo June wa kumeneko si masewera: mvula, mphepo, nyumba zambiri zopanda chotenthetsera. Mukamayendera nyumba, suzumirani kuseri kwa wadirobu ndi m'makona a denga, nkhungu imabisala mmenemo.

Kulikonseko, dipoziti isachoke m'manja mwanu musanalowe m'nyumbamo ndi mapazi anu. Pa Facebook pali akamberembere oika zithunzi za nyumba za eni ake, n'kumakukakamizani kuti anthu ena akuifunanso. Lipirani malo a milungu ingapo kaye, muziyendera nyumba muli konko. Lumikizani laputopu ku Wi-Fi yawo, muimbe vidiyo muli m'chipinda chimene muzidzagwiriramo ntchito, osati pafupi ndi rauta, kabokosi kotulutsa Wi-Fi. Ku South Africa lamulo la 1999 limati dipoziti isungidwe mu akaunti yopindula chiwongoladzanja, ndiponso muyendere nyumba limodzi ndi mwini wake polowa ndi potuluka. Jambulani mng'alu uliwonse tsiku loyamba.

Ine ndikanakhala inu, ndikanafunsa kaye abwana ngati misonkhano ingamathe pofika 3 koloko ya ku London. Akavomera, lembani fomu ya Mauritius.