Masamba achilendo a pa intaneti amene akusunga za kwathu kuno

Aphunzitsi, mwafunsa ngati pa intaneti pali masamba ena achilendo ofufuzirapo zinthu, kupatula Wikipedia imene ana anu anazolowera kukoperapo. Alipo ndithu, ndipo chimene chimandikhudza mtima n'chakuti ena mwa iwo akusunga za kwathu konkuno ku Nkhotakota, kungoti munthu amafunika kudziwa dzina loyenera kulemba pofufuza.

Yambani ndi Livingstone Online. Anthufe timaonetsa alendo mtengo umene David Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe, Mswahili wogulitsa akapolo uja, mu 1863, koma ndi ochepa amene anaonapo zolemba za dzanja lake. Patsambali anaikapo zithunzi za makalata ake ndi za mabuku amene ankalembamo zochitika pa maulendo ake, moti mwana akhoza kuona ngakhale pamene mwini wake anakhwatcha mawu. Chodabwitsa kwambiri ndi zimene analemba mu 1871 ali ku Nyangwe, m'dziko limene lero ndi Congo. Mapepala ndi inki zitamuthera, analemba pamwamba pa nyuzipepala yakale ndi inki yopanga yekha kuchokera ku njere za chomera china, ndipo inkiyo inazilala mpaka zolembazo zinasiya kuwerengeka. Akatswiri anaziwunika ndi kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana, mawuwo n'kuonekanso, ndipo mu 2011 anazitulutsa kuti aliyense awerenge.

Pofufuza za kuno musalembe Nkhotakota, chifukwa azungu a nthawi imeneyo ankalemba kuti Kota Kota, ndipo nyanja yathu ankailemba kuti Nyassa. Muzikumbukira zomwezo mukamayang'ana mapu akale pa David Rumsey Map Collection, pamene mungathe kukulitsa mapu n'kuona kuti m'mene ankajambulira nyanjayi zinkasintha azungu aja akamaidziwa pang'onopang'ono.

Limene ndimalikonda kuposa onse ndi FishBase, tsamba la nsomba za dziko lonse lapansi. Ana athu ambiri ndi ana a asodzi, ndipo nsomba amazidziwa kuposa ife, komabe amaganiza kuti nzeru za kugombe sizilowa m'kalasi. Awuzeni alembe Opsaridium microlepis, adzapeza mpasa yemwe uja amene amakwera mtsinje wa Bua kukaswana. Akalemba Engraulicypris sardella adzapeza usipa, ndipo Bagrus meridionalis ndi kampango. Tsambali limafotokoza kutalika kwa nsomba, chimene imadya ndi kumene imapezeka. Ndingakondwe mutawatuma kuti akafunse makolo awo ngati akugwirizana nazo, pakuti msodzi amene wakalambira pabwato amaona zina zimene wolemba sanaone.

Pali lina lotchedwa xeno-canto, limene linayamba mu 2005, kumene anthu amaikako kulira kwa mbalame kumene anajambula okha, n'kusonyeza pamapu malo amene anajambulirapo. Mukalemba African Fish Eagle mudzamva nkhwazi ikulira monga imachitira m'mawa kunyanja kuno.

Mukapeza kuti tsamba lina linatsekedwa, lembani adiresi yake pa Wayback Machine ya Internet Archive, yomwe yakhala ikusunga masamba kuyambira mu 1996. Nthawi zambiri mudzaliona m'mene linkaonekera kale.

Masamba onsewa ndi aulere, koma ndi a m'Chingerezi, choncho ana a ku pulayimale adzafuna kuti muziwamasulira. Mapu ndi zithunzi za makalata zimadya bandulo kwambiri, ndiye ndi bwino kuti muzisankhiratu zochepa, n'kuzisunga mufoni musanapite nazo m'kalasi.