Ngozi za m'gemu zisamagwe ngati mphezi

Funso: Aphungu, ndili Fomu 3. Pa laputopu ya achimwene ndikupanga kagemu koti wosewera amayang'anira mudzi wa akafula okumba mgodi, osula zitsulo ndi odula mitengo. Ndaikamo zoti anthu azivulala pantchito, koma anzanga akasewera amakwiya, akuti ngozizo zimangobwera popanda chifukwa. Bambo nawonso akuti ndikutaya nthawi, ndilimbike za MSCE. Ndikonze bwanji, nanga zimenezi zili ndi tsogolo?

Yankho: Anzakowo akunena zoona, mphwanga. Ndikuganiza kuti unauza kompyuta kuti izichita maere tsiku lililonse, amene agweredwa athyoke mwendo. Tawerengera wekha. Ukati wantchito aliyense ali ndi mwayi umodzi pa 100 wovulala patsiku, ndipo mudzi uli ndi antchito 20, pamasiku 30 uyembekezere ngozi ngati 6. Wosewera wosamala ndi wosewera wotayirira onse aika maliro ofanana. Ndiye asamalirenji?

Kuntchito yeniyeni ngozi imakhala ndi mbiri yake. Katswiri wina wa ku Britain, James Reason, ankafanizira chitetezo cha pantchito ndi zigawo zingapo zosanjikizana, chilichonse chili ndi mabowo ake. Munthu amavulala tsiku limene mabowowo alunjikana. Wokumba sanagone mokwanira, nyale yazima, mpini wa piki ndi wosweka, denga la mgodi silinachirikizidwe, kapitawo akufuna malasha lero lomwe. Chimodzi chokha mwa izi kawirikawiri sichivulaza munthu, koma zikakumana zinayi wina amabwerako pamachira.

Gemu yako imange chomwecho. Wantchito aliyense akhale ndi nambala ya kutopa, ya luso ndi ya ubwino wa chida chake, malo ogwirira ntchito akhale ndi nambala ya kuwala ndi kulimba. Mwayi wa ngozi uchokere pa nambala zimenezi, ndipo wosewera aziziona. Timiyala tizigwa kudenga lisanagumuke. Nkhwangwa igulukeko kamodzi osavulaza munthu. Ngozi ikachitika, gemu inene chifukwa: wasula zitsulo usiku wonse osapuma, wapsa dzanja. Apo mnzako sadzakwiyira iwe, adzadziguguda yekha n'kuyambiranso.

Ukaone Dwarf Fortress, gemu ya akafula yomwe abale awiri a ku America, Tarn ndi Zach Adams, anatulutsa mu 2006. Mmenemo thupi lili ndi khungu, mafuta, minofu ndi mafupa, ndipo bala limatengera pamene chinthu chalowera. Wovulala amamunyamula kupita kuchipatala cha m'mudzimo, kumuyeza, kutsuka bala, kusoka, kumanga fupa, mwina kumupatsa ndodo yoyendera. Wosewera akanyalanyaza kupanga sopo, bala limatha kutukusira. Kukoma kwake kuli pa zotsatira: mmisiri wako mmodzi yekha wagona m'chipatala, ntchito yaima, ndipo wina ayenera kusiya munda kuti azimutungira madzi. Iwe usayambe ndi zonsezi. Mabala atatu akukwanira: kutemeka, kupsa ndi kuthyoka.

Koma uchenjere, malamulo akachuluka amabereka zimene sunawatume. Tarn ataika malo omwera mowa m'gemuyo mu 2015, osewera anayamba kupeza amphaka atafa, masanzi ali ponseponse. Amphakawo ankaponda mowa wotayika pansi, n'kumanyambita mapazi podziyeretsa, ndipo gemu inkawerengera kunyambitako ngati kumwa chikho chathunthu. Nkhani imeneyi ndimaikonda chifukwa lamulo lililonse palokha linkaoneka labwino. Choncho ukaikamo lamulo latsopano, uzisiya mudzi uyende wokha masiku 1,000 a m'gemu, ulembe amene avulala ndi zifukwa zake, kenako uone ngati zikumveka.

Tsono za bambo. Usawatsutse, chifukwa mbali yawo ndi yolemera. Tarn Adams yemweyo anayamba wamaliza digiri ya PhD ya masamu ku Stanford mu 2005, ndipo kwa zaka zoposa 15 iye ndi mkulu wake ankadalira ndalama zomwe osewera ankapereka mwakufuna kwawo. Gemuyo inayamba kugulitsidwa pa Steam, msika wa magemu wa pa intaneti, mu December 2022. Sindingakulangize kuti uike moyo wako wonse pa kugulitsa magemu, makamaka kuno kumene makampani olemba anthu ntchito imeneyo ndi osowa. Chimene ungadye nacho ndi luso lomwe gemuyi ikukuphunzitsa: kulemba mapulogalamu, masamu a mwayi, ndi kufufuza pamene pulogalamu yalakwika. Maphunziro a kompyuta alipo ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo ndi ku Mzuni, ndipo popanda kukhoza bwino masamu ndi Chingerezi pa MSCE khomo lake silitseguka.

Palinso njira ina imene achinyamata ambiri saidziwa. Funso lomwe likukusowetsa tulo, loti munthu amavulala bwanji pantchito ndipo zikanapewedwa bwanji, ena amalandira nalo malipiro. Dziko lino lili ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la 1997, komanso la chipukutamisozi cha antchito la 2000, ndipo m'mafakitale, m'migodi ndi pomanga nyumba zikuluzikulu mumafunika anthu oyang'anira chitetezo. Ukafufuze za maphunziro a Environmental Health (zaumoyo wa malo okhala ndi ogwirira ntchito) ndi a uinjiniya wa migodi ku MUBAS.

Kwa inu bambo, ngati muwerenga: musamulande laputopu. Mugwirizane kuti gemu ndi ya Loweruka ndi patchuthi, ndipo teremu ikatha akuonetseni zinthu ziwiri, malikisi a masamu ndi gemu yoti mungakhale pansi n'kusewera. Ngati muli ndi mnzanu wowotcherera zitsulo kapena wocheka matabwa, mutengereni mnyamatayu akacheze naye, akamufunse za tsiku limene anavulala ndi zomwe zinachitika m'mawa wa tsikulo.