Kukonza Chithunzi cha Nyuzipepala ya Ophunzira

Funso: Ndikukonza chithunzi choti chituluke m'nyuzipepala yathu ya ophunzira, koma nkhope za anthu zili mumdima ndipo kumbuyo kwawo kuli mtengo wa magetsi. Kodi ndingaufufute?

Yankho: Choyamba sungani padera chithunzi choyambiriracho ndipo muzikonza kope lake, chifukwa chithunzi cha JPEG (mtundu wa fayilo ya zithunzi) chimatsika ubwino nthawi iliyonse imene mwachisintha n'kuchisunganso. Nkhopezo mungaziwalitse pang'onopang'ono mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP kapena Photoshop pogwiritsa ntchito Curves, chida chosinthira kuwala kwa chithunzi, koma musamale kuti khungu la anthuwo lisasinthe mtundu. Mtengowo musaufufute ayi, pakuti pa chithunzi cha nkhani, kuchotsa chinthu chimene chinalipodi n'kunamiza owerenga amene akukukhulupirirani. Ngati uli m'mphepete, ingodulani mbali imeneyo. Posindikiza papepala, chithunzicho chikhale cha 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse.