Vinyo wa ku Jura, yankho langa

Achimwene, mwafunsa ngati ku France kuli vinyo wabwino kupatula wa ku Bordeaux ndi Champagne, komanso chifukwa chake wa ku Jura amadula chonchi. Eee alipo ndithu, ndipo ineyo wa ku Jura ndimamukonda zedi.

Jura ndi kadera kakang'ono kum'mawa, kufupi ndi Switzerland, minda yonse ya mphesa ndi mahekitala pafupifupi 2,000 basi, ndipo ambiri olima ndi mabanja, bambo, mayi ndi ana akusadza mphesa okha pamalo otsetsereka. Vinyo wawo wachikasu wotchedwa vin jaune amapanga ndi mphesa za mtundu wa Savagnin, amamusiya mu mgolo wa thabwa zaka 6 ndi miyezi 3 osathiramo wina, pamwamba pamayala kachikopa ka yisiti, vinyo nkumaphwera pang'onopang'ono mpaka pa lita imodzi patsale 62 cl (mamililita 620), ndiye botolo lake, lotchedwa clavelin, ndi la 62 cl osati 75 cl ngati mabotolo ena a vinyo. Taganizani banja kudikira zaka zonsezo ndalama isanalowe, chisanu cha mu Epulo 2021 nkubwera kudzawaulanso mphukira m'minda yambiri. Mtengowo sakukuberani ayi.

Mukapita yambirani ku tawuni ya Arbois komwe kuli nyumba ya wasayansi wotchuka Louis Pasteur, mugule pakhomo pa mlimi penipeni, mulawe ndi tchizi cha komweko chotchedwa Comté.