Kwa achemwali amene mtima wawo unatsalira ku Zomba

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mtsikana wa kuno ku Mzuzu amene akuphunzira udokotala ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ku Blantyre. Akuti atapita ku Zomba Mental Hospital kukaphunzira ntchito, mtima wake unatsalira komweko, moti akufuna kudzakhala dokotala wa matenda a maganizo. Koma bambo ake akuti, "Tavutika nawe zaka zonsezi kuti ukasunge amisala?" Funso lake n'lakuti kodi akulakwitsa?

Achemwali, simukulakwitsa. Ine ndine namwino, ndakalambira pa ntchito imeneyi, ndipo mawu a bambowo ndawamva kambirimbiri. Musawakwiyire. Ambiri tinakula tikudziwa kuti wamisala ndi uja wotola zinyalala pamsika, osadziwa kuti mayi wosiya kudya ndi kusamba atangochira, kapena mnyamata wokhala chete mpaka kudzimangirira, nawonso ndi odwala ochizika.

Njira yake njotalika ndithu. Mukamaliza digiri pali miyezi 18 ya intenishipu, kenako zaka 4 za MMed, digiri ya ukatswiri pa matenda a maganizo. Amene anayamba maphunzirowa m'Malawi muno anakachitira gawo lina ku Cape Town. Madokotala otere m'dziko muno ndi owerengeka ndi zala, pomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo oposa 17 miliyoni. Katundu wambiri amasenza ndi ma clinical officer ndi anamwino, ena mwa iwo ophunzira konkuno ku koleji ya St John of God. Mudzawalemekeze, adzakuphunzitsani zambiri.

Koma chimene ndikufuna mudzifunse ndi ichi: kodi mumatha kukhala pansi n'kumvetsera? Malungo mumayeza magazi, mwaona. Kuno ayi. Wodwala amafika atamangidwa manja ndi chitenje, atazungulira kale kwa asing'anga, kumapemphero, ena atavinitsidwa vimbuza usiku wonse. Abale amati walodzedwa, kapena ndi chamba. Mukawaseka, sadzabweranso. Mumayamba mwamva nkhani yonse, mwina ola lathunthu, kwinaku mukufufuza ngati si khunyu, malungo a mu ubongo, kachilombo ka HIV kapena mowa zomwe zasokoneza mutu. Udokotala wonse umene mukuphunzirawo udzagwira ntchito. Ndipo mukadzabwera kwathu kuno, Chitumbuka chanu chikhale chakuthwa, chifukwa gogo wa ku Rumphi sangakuuzeni za mumtima m'chilankhulo chobwereka.

Zowawa zilipo, sindikubisirani. Mankhwala monga haloperidol kapena amitriptyline akatha m'famasi, munthu amene munamuona akuchira amabwereranso. Ena amasiya mankhwala chifukwa chosowa ya basi. Ndinatayapo wodwala amene anadzipha patangopita masiku atatuluka, ndipo mpaka lero ndimamukumbukira. Mudzafunika anzanu oti muzikhuthulirana nawo zakukhosi.

Komabe ndinaonanso mayi wina amene anabwera osamuzindikira mwana wake wakhanda, patatha milungu ingapo akumuyamwitsa, akuseka. Tsiku lina ndinakumana naye akugulitsa tomato mumsika, anandikumbatira pamaso pa anthu.

Tchuthi chikubwerachi mukapemphe ku chipatala cha St John of God kuti mukhale nawo masiku angapo, muone kiliniki komanso maulendo a kumidzi. Mukaona kuti madzulo mwatopa koma m'mawa mukufunabe kubwerera, dzawatengeni bambo, adzaone ndi maso awo anthu akutuluka ndi zikwama kubwerera kwawo. Mukandilembere zimene adzanene.